Dzanzi la m'manja usiku: manja a dokotala, sikani, makina a magetsi kapena MRI?

Kwa anthu ambiri vutoli limayamba usiku. Munthu amadzidzimuka pakati pa tulo dzanja litachita dzanzi, zala zikunyerenyesa, ndipo amaligwedeza kapena kulilendeweretsa m'mbali mwa bedi mpaka litatsitsimuka. Kukacha limakhala bwinoko. Pakapita miyezi dzanzi lija limayamba kubweranso masana: pogwira chiwongolero cha njinga yamoto, popalasa bwato, potola thonje, pogwira foni nthawi yaitali. Kenaka kapu ya tiyi imayamba kupulumuka yokha, ndipo kumanga mabatani a malaya kumasanduka ntchito.

Nthawi zambiri gwero lake lili pamfundo ya dzanja, pomwe timamanga wotchi. Pamenepo pali kampata kopapatiza. Pansi ndi m'mbali mwake muli timafupa 8, ndipo pamwamba pali chingwe cholimba chosatamuka. M'kampatamo mumadutsa zingwe 9 za minofu zimene zimakoka zala kuti zipindike, komanso mtsempha umodzi wofewa wotchedwa median, umene umanyamula kumva kwa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Malo akachepa, wopanikizika ndi mtsempha wofewawo. Achipatala amati carpal tunnel syndrome. Imagwira amayi kwambiri kuposa abambo, makamaka a zaka za pakati pa 40 ndi 60, ndipo imakonda amayi oyembekezera m'miyezi yomaliza, odwala shuga, a vuto la chithokomiro, a nyamakazi, onenepa kwambiri, amene anathyokapo pamfundo, ndi amene ntchito yawo ndi yofumbata mwamphamvu tsiku lonse kapena yogwira zida zonjenjemera. Wodula nzimbe ku Nchalo, mayi wosinja mapira ku Ngabu ndi mnyamata wa kabaza pa msewu wa Thabwa onse ali pamzere umenewu.

Funso limene limabwera pambuyo pake ndi lakuti: ndikapimitse bwanji, ndipo kuti? Njira zilipo zingapo, ndipo yotsatsidwa kwambiri masiku ano ndi sikani.

## Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Choyamba ndi mtengo, koma osati wa pa lisiti wokha. Kuchokera pa boma la Nsanje kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180. Kuchokera pa Chikwawa ndi pafupifupi 50, okwera mapiri aja a kumtunda kwa Thabwa. Wa ku Makhanga kapena Muona ali ndi nkhani yakeyake mvula ikagwa. Onjezani thiransipoti ya gadiyani, chakudya, pogona akakuuzani kuti mubwerenso mawa, ndi masiku a ntchito amene atayika. Mitengo ya m'makwacha imasintha msanga. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene munamva kwa mnzanu chaka chatha ndi mbiri yakale, choncho funsani mtengo wa lero.

Chachiwiri ndi kupezeka, kutanthauza makina pamodzi ndi munthu wodziwa kuwagwiritsa ntchito pa vuto limeneli. Chachitatu ndi kusamala: zimene njirayo imafuna kuti mukaipeze ikugwira ntchito tsiku limene mwafika, ndi zimene inuyo muyenera kupitiriza mukabwerera kunyumba. Chachinayi ndi zoopsa, ndipo pano choopsa chachikulu si kuvulala kwa thupi ayi, koma kupatsidwa yankho lolakwika.

Pamwamba pa zonsezi pali funso limodzi loti mufunse adokotala: zotsatira za kupimaku zisintha chithandizo chimene mukufuna kundipatsa? Akati ayi, ndalamayo isungeni.

## Kupimidwa ndi manja

Njira iyi anthu amaiderera chifukwa mulibe makina. Wodwala akatuluka m'chipinda osajambulidwa amaona ngati sanathandizidwe. Koma pa matenda awa mafunso ndi manja a dokotala wodziwa amafika patali.

Adzakufunsani zala zimene zikuchita dzanzi, ndipo mukonzekere yankho lolondola. Usiku dzanzi likakudzutsani, tsinani kachala kakang'ono. Ngati kakumva bwinobwino pamene zinzake zafa, kanenenitu zimenezo, chifukwa kachalako kali ndi mtsempha wina, wa ulnar, umene sudutsa m'kampata kaja. Kenaka adzakupinditsani manja pamfundo, zala zitaloza pansi, kwa masekondi 60 kuti aone ngati dzanzi libwera. Kupimaku kumatchedwa dzina la George Phalen, dokotala wa ku Cleveland amene anatchukitsa matendawa m'zaka za m'ma 1950. Adzagogoda pamtsempha kuti aone ngati mumva shoko ikuthamangira ku zala, chizindikiro chimene Jules Tinel wa ku France analemba mu 1915. Ena amadinikiza pamenepo ndi chala kwa masekondi 30. Pomaliza adzayerekeza mnofu wa patsinde pa chala chachikulu m'manja onse awiri, ngati wina waphwa.

Mu 2006 dokotala wa ku Canada, Brent Graham, anasonkhanitsa zizindikiro 6 zoterezi n'kuzipatsa mapointi, onse pamodzi 26. Ndondomekoyo imatchedwa CTS-6, ndipo wopitirira mapointi 12 amakhala ndi mwayi waukulu woti matenda ake ndi amenewa. Mu 2024 bungwe la madokotala a mafupa la ku America linanena kuti CTS-6 ikhoza kugwiritsidwa ntchito m'malo mojambula kapena kupima ndi magetsi wodwala aliyense. Onani, amene akunena izi ndi anthu a dziko limene makina ali mbwee.

Mtengo. M'chipatala cha boma n'zaulere. M'zipatala za mishoni monga St Montfort ku Nchalo, Trinity ku Muona kapena Kalemba ku Bangula mulipira yoonana ndi dokotala.

Kupezeka. Paliponse, koma luso limasiyana. Pa chipatala chaching'ono pamene mzere wafika kunja, n'zotheka kutuluka ndi mapiritsi a ululu osagwidwa dzanja n'komwe. Pa chipatala cha boma funsani clinical officer wa mafupa. Anthu amenewa dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985, ndipo ndi amene amasenza ntchito yaikulu ya mafupa ndi mfundo m'maboma.

Kusamala. Palibe chofuna magetsi. Chofunika n'chakuti zolembedwa m'buku lanu la kuchipatala zikhale zomveka: zala ziti, kuyambira liti, mphamvu ya chala chachikulu ili bwanji. Popanda zimenezo, wokuonani pakapita miyezi itatu sadzadziwa ngati mukuchira kapena mukuipiraipira.

Zoopsa. Pali matenda ena ochititsa dzanzi amene kuno ndi ofala, ndipo wopima mothamanga akhoza kuwasokoneza. Shuga amawononga mitsempha, koma amayambira kumapazi, mbali zonse ziwiri. HIV imachita chimodzimodzi, ndipo amene anamwapo ma ARV akale okhala ndi stavudine amalidziwa bwino dzanzi la kumapazi. Mankhwala a TB a isoniazid nawonso amachititsa dzanzi, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi vitamini B6. Mtsempha wopanikizika m'khosi umatumiza ululu kuchokera paphewa mpaka ku zala. Ndipo pali khate. Dziko lino linalengeza mu 1994 kuti khate lachepa moti silinalinso vuto lalikulu la dziko, koma odwala atsopano akupezekabe, ndipo chizindikiro chake ndi banga lotuwa pakhungu losamva kukhudza pamodzi ndi mitsempha yokhuthala. Dokotala amene sanakuvuleni nsapato kapena kuyang'ana khungu lanu sanamalize kupima.

## Sikani ya pamfundo ya dzanja

Makina ake ndi a mtundu womwewo wa amene amaunikira amayi oyembekezera. Amatumiza mafunde a phokoso losamveka ndi khutu, mafundewo amabwerera, ndipo makina amapanga chithunzi. Wojambula amapaka jelo pamfundo, n'kuika mutu wa makina, umene amautcha probe, mopingasa dzanja. Mtsempha wa median uli mamilimita ochepa chabe pansi pa khungu, ndipo umaoneka ngati kadzira kodera kokhala ndi mkombero wowala.

Chimene amafuna ndi kutupa. Mtsempha wopanikizidwa umaphwatalala m'kati mwa kampata koma umatupa pakhomo pake, monga mmene madzi amadzazira kumtunda kwa kalavati yochepa. Wojambula amazunguliza mzere m'mphepete mwa mtsempha pamalo potupapo, ndipo makina amawerengera kukula kwake m'masikweya milimita. Wa munthu wabwinobwino nthawi zambiri sufika 9 kapena 10. Ukapitirira pamenepo, makamaka ukafika 12 kapena kuposa, nkhani imakhala yoonekeratu. Poti anthu timasiyana matupi, ena amayezanso mtsempha womwewo chakumtunda m'mkono, masentimita 12 kuchokera pamfundo, n'kuyerekeza. Wa pamfundo ukakula kuwirikiza ka 1.4 wa m'mkono kapena kupitirira, ndi chizindikiro champhamvu. Zonsezi zimatha m'mphindi 10, manja onse awiri.

Njirayi inayamba kulembedwa ndi madokotala a ku Austria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2012 bungwe la ku America la akatswiri a mitsempha ndi minofu linaivomereza ngati njira yodalirika. Kafukufuku wa mu 2011 amene anaphatikiza zotsatira za makafukufuku ambiri anapeza kuti sikani imagwira odwala pafupifupi 78 pa 100 alionse amene alidi ndi matendawa, ndipo imamasula molondola pafupifupi 87 pa 100 amene alibe. Manambalawa ndi abwino, koma muwawerenge mbali zonse: pa odwala enieni asanu, mmodzi akhoza kuuzidwa kuti mtsempha wake uli bwino.

Mphamvu yeniyeni ya sikani, kwa ine, ili pa kuonetsa chimene chikupanikiza. Ikhoza kupeza kachotupa ka madzi, fupa limene linalumikizana mokhota, mtsempha wogawanika pawiri chibadwire, kapena mtsempha wa magazi wodutsa m'kampatamo umene wochita opaleshoni ayenera kuudziwiratu. Ikhozanso kuonetsa kutupa kwa zikuta za zingwe zokoka zala, ndipo kuno kwathu kutupa kotere, kwa dzanja limodzi, kokula pang'onopang'ono kwa miyezi, kuyenera kukumbutsa dokotala za TB ya m'mfundo. Palibe njira ina yotsika mtengo imene ingaone zimenezo.

Mtengo. Kumene ilipo m'chipatala cha boma n'njaulere. M'zipatala zolipira ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi MRI. Mtengo wobisika ndi wolipira kawiri: koyamba kwa wojambula amene sanayeze chilichonse, kachiwiri kwa wodziwa.

Kupezeka. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Kumva kuti pa chipatala chakuti pali sikani sikutanthauza kuti angajambule mtsempha. Makina a m'zipatala zathu za m'maboma ntchito yawo yaikulu ndi ya amayi oyembekezera ndi ya m'mimba, kuphatikizapo kufufuza zizindikiro za TB mwa odwala HIV. Ntchito zimenezo zimagwiritsa mutu wokhota, wa mafunde a 3 mpaka 5 MHz (muyeso wa kufulumira kwa kugunda kwa mafundewo), wopangidwa kuti uone zakuya. Mtsempha wa pamfundo umafuna mutu wowongoka, wa 10 MHz kapena kuposa, umene suona patali koma umaonetsa tinthu tating'ono ta pafupi ndi khungu. Kuyeza mtsempha ndi mutu wa m'mimba n'kungotaya jelo. Choncho musanakwere minibasi funsani mafunso awiri: muli ndi probe yowongoka? Ndipo alipo amene amayeza mtsempha wa median kawirikawiri? Funso lachiwirili ndiye lalikulu. Wojambula waluso pa mimba akhoza kukhala mlendo pa dzanja, ndipo si chipongwe kufunsa.

Kusamala. Makinawa amadana ndi zinthu zitatu zimene kuchigwa cha Shire kuno tili nazo zochuluka: kutentha, fumbi ndi magetsi osakhazikika. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, makina okhala m'chipinda chopanda mpweya wozizira amatopa msanga. Za magetsi tonse tikukumbuka: namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo jenereta ya chipatala ikayaka amayamba kuganizira chipinda cha opaleshoni ndi cha ana obadwa masiku osakwana, osati dzanja lanu. Mutu wa makina ukagwa pansi kamodzi ukhoza kusweka m'kati, ndipo wina amachokera kunja ndi ndalama zakunja. Jelo naye amatha.

Masiku ano kuli timakina ta m'manja tolumikiza ku foni kapena tabuleti. Kotchuka ndi Butterfly iQ, kamene kanatuluka mu 2018 pa mtengo wa madola pafupifupi 2,000. Timayendera batire, timatchajidwa ndi sola, ndipo tikhoza kuwoloka Shire pa bwato m'chikwama. Zimene otsatsa sanena mokweza n'zakuti tina timafuna ndalama ya chaka ndi chaka kuti pulogalamu yake igwire ntchito zonse, timatentha tikagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo pa tinthu tating'ono monga mtsempha chithunzi chake sichifika pa cha makina aakulu okhala ndi mutu wowongoka wabwino. Pamene kusiyana kwa wodwala ndi wabwino kuli masikweya milimita awiri kapena atatu, kuwala kwa chithunzi si nkhani yaing'ono.

Zoopsa. Ku thupi palibe. Mulibe cheza cha X-ray, simubayidwa, ndipo mayi woyembekezera akhoza kujambulidwa mopanda nkhawa. Zoopsa zili m'dzanja la wojambula. Akadinikiza kwambiri, mtsempha umaphwatalala. Akapendeketsa mutu wa makina, umaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Akazunguliza mzere kunja kwa mkombero wowala m'malo mwa m'kati mwake, munthu wabwino amasanduka wodwala papepala. Wosazolowera akhoza kuyeza chingwe chokoka chala poganiza kuti ndi mtsempha. Wodziwa amakuuzani kuti mugwedeze zala, chifukwa zingwezo zimatsetsereka kwambiri pamene mtsempha umangosuntha pang'ono. Palinso malire amene luso silingachotse. Sikani imaonetsa kukula kwa mtsempha, osati mmene ukugwirira ntchito, choncho siinena bwino kuti wawonongeka kufika pati. Mwa odwala shuga ndi a khate mitsempha imatha kukula pa zifukwa zina. Ndipo pambuyo pa opaleshoni mtsempha umakhalabe wotupa kwa nthawi ngakhale munthu atachira. Mukalandira zotsatira, onani ngati alembapo nambala ya kukula kwa mtsempha ndi malo amene ayeza. Pepala longonena kuti zonse zili bwino, lopanda nambala, silithandiza wochita opaleshoni.

## Kupima mtsempha ndi magetsi

Achipatala amati nerve conduction study, ndipo nthawi zina amawonjezera EMG. Amamata timawaya pa chala ndi pa mnofu wa chala chachikulu, n'kupereka kashoko kakang'ono pamfundo ndi pachigongono, makina n'kuyeza nthawi imene uthenga watenga. M'mkono wabwino uthenga umathamanga mamita 50 kapena kuposa pa sekondi. Pamalo popanikizika umachedwa, ndipo mtsempha ukawonongeka kwambiri umafooka kapena kusowa. Kuchedwa kumeneku mwa odwala matendawa kunaonetsedwa koyamba mu 1956. Pa EMG amalowetsa kasingano kopyapyala mu mnofu kuti amve ngati mnofuwo ukulandirabe uthenga.

Iyi ndi njira imene imayankha zimene sikani imalephera. Imanena ngati vuto ndi lochepa, lapakati kapena lalikulu. Imasiyanitsa kupanikizika kwa pamfundo ndi matenda a mitsempha ya thupi lonse, komanso ndi vuto la m'khosi.

Mtengo. Wokwera kuposa sikani, ndipo kwa ife ulendo suthawika.

Kupezeka. Awa si makina a m'zipatala za m'maboma. Amafuna katswiri wa mitsempha woti awerenge zotsatira, ndipo akatswiri otere dziko lino ndi owerengeka. Njira yabwino n'kudzera kwa adokotala a pa boma, akulembereni kalata ya ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo iwo kapena inu muimbe foni kaye kuti mudziwe kumene kupimaku kukuchitika ndi tsiku lake. Osanyamuka pongomva mphekesera.

Kusamala. Timawaya ndi masingano amachokera kunja, ndipo makina amasokonezeka ndi magetsi osakhazikika. Kwa inu, musadzole mafuta m'manja tsiku limenelo. Dzanja lozizira limachedwetsa uthenga n'kunamiza makina, choncho wochokera kotentha kuno akafika ku Blantyre m'mawa wa mu Juni, chiperoni chili m'kati, alole kuti amufunditse manja asanayambe.

Zoopsa. Shokoyo siipweteka kwenikweni koma imadzidzimutsa, ndipo ena saipirira bwino. Kasingano kamawawa pang'ono. Amene amamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, kapena ali ndi kachipangizo kothandiza mtima, anene asanayambe. Nayonso njirayi si mneneri: matenda akangoyamba, zotsatira zikhoza kutuluka zabwinobwino munthu akuvutika usiku uliwonse.

## MRI ndi X-ray

Izi ndidutsa mwachangu. X-ray imaonetsa mafupa, siona mtsempha. Ndi yotchipa, imapezeka pa boma, cheza chake pa dzanja n'chochepa, koma imathandiza pokhapokha ngati munathyokapo pamfundo kapena akukayikira nyamakazi. Mayi woyembekezera anene asanajambulidwe.

MRI, makina aakulu ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, imaonetsa mafupa, minofu ndi mitsempha yomwe, ndipo ndi yodula kuposa njira zonse. Makina oyamba dziko lino anaikidwa ku Queen Elizabeth mu 2008, makamaka chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, ndipo mpaka pano MRI ndi ya m'mizinda ikuluikulu. Imafuna magetsi osadukiza, chipinda chozizira ndi amisiri apadera. Munthu wokhala ndi chitsulo m'thupi kapena kachipangizo ka mtima ayenera kufunsidwa kaye. Malangizo a 2024 aja anena poyera kuti MRI isagwiritsidwe ntchito pofufuza matendawa. Malo ake ndi pamene sikani yaona chotupa chosadziwika bwino. Wina akakuuzani kuti muyambire pa MRI chifukwa cha dzanzi la usiku lokha, kafunseni kwina musanagulitse mbuzi.

## Kuyamba chithandizo n'kuona mmene dzanja liyankhire

Iyi si njira yopimira kwenikweni, koma imapereka yankho. Choyamba ndi chomangira dzanja, sipulinti yogwira mfundo kuti ikhale yowongoka usiku wonse, chifukwa tikagona timapinda dzanja osadziwa ndipo kampata kamachepa. Muvale usiku uliwonse kwa masabata 4 mpaka 6. Dzanzi likachepa, zalimbikitsa zimene adokotala anaganiza. Chachiwiri ndi jakisoni wa steroid wa m'kampatamo, amene amachepetsa kutupa kwa masabata kapena miyezi. Wochira bwino ndi jakisoni nthawi zambiri amachiranso bwino ndi opaleshoni.

Mtengo wa sipulinti ndi wochepa, ndipo a fiziyo kapena a mafupa akhoza kukupangirani. Kupezeka kwa jakisoni kumadalira mankhwala ndi munthu amene anaphunzira kubaya pamalo pamenepo. Apa sikani imathandizanso, chifukwa wobaya amaona singano ndi mtsempha nthawi imodzi. Kusamala: sipulinti m'chilimwe cha kuno imatopetsa, thukuta limayabwitsa, ndipo ambiri amaivula pakati pa usiku n'kumati siinagwire ntchito. Ichapeni, ikani kansalu kopyapyala m'kati, ndipo isathine. Zoopsa: jakisoni amakweza shuga kwa masiku angapo, akalasa mtsempha amauvulaza, ndipo sayenera kubayidwa pamene pali chikayiko cha TB kapena mafinya. Choopsa china ndi kuzengereza. Mphini, mankhwala opaka ndi mapiritsi a ululu sizikulitsa kampata, ndipo mnofu umene waphwa kwa nthawi yaitali subwerera wonse ngakhale opaleshoni itayenda bwino.

## Ndiye inu musankhe iti?

Ngati dzanzi ndi la usiku, lili m'zala zitatu zoyamba, kachala kakang'ono kali bwino ndipo mphamvu ilipo, pitani pa boma mukapimidwe ndi manja, ayezenso shuga, muyambe sipulinti. Ulendo wa ku Blantyre sukufunika pakadali pano.

Mayi woyembekezera achite chimodzimodzi, ndipo kwa ambiri vutoli limatha lokha m'masabata kapena miyezi ingapo atachira. Koma manja ndi nkhope zikatupa, mutu ukuwawa, akayezetse BP tsiku lomwelo ku sikelo. Imeneyo ndi nkhani ina yoopsa kuposa dzanzi.

Ngati ndi dzanja limodzi lokha, pamfundo kapena m'chikhatho patatupa, kapena ndinu wachinyamata wopanda chifukwa chooneka, apa ndiye pa sikani. N'chimodzimodzi amene anathyokapo, amene awonjezere X-ray, ndi amene ali ndi HIV kapena anadwalapo TB ndipo kutupa kukukula. Fufuzani kumene kuli mutu wowongoka ndi munthu wozolowera, ngakhale kutanthauze kukwera mapiri, ndipo jakisoni adikire mpaka chithunzi chitaoneka.

Ngati sipulinti yalephera ndipo adokotala akukayikabe, sikani yabwino ndi sitepe yotsatira yanzeru kwa ambiri a ife, chifukwa ndi yapafupi komanso yotchipa kuposa ya magetsi. Ikatuluka yabwinobwino koma zizindikiro zikupitirira, musaitenge ngati chigamulo chomaliza.

Wodwala shuga kwa zaka zambiri, wa dzanzi la kumapazi ndi m'manja momwe, wa ululu wochokera m'khosi, kapena amene anachitidwa kale opaleshoni koma dzanzi labwerera, ndi amene ayenera kuvutikira kupima kwa magetsi. Chimodzimodzi wogwira ntchito pa kampani amene akufuna umboni wolembedwa wa mmene mtsempha wawonongekera. Wokhala ndi banga losamva pakhungu ayambe wapimidwa khate, mankhwala ake ndi aulere.

Ngati mnofu wa patsinde pa chala chachikulu waphwa, dzanzi silikuchokanso usana ndi usiku, ndipo singano kapena ndalama yachitsulo simungaitole, musataye miyezi mukusaka makina. Pemphani kalata yokaonana ndi a opaleshoni. Opaleshoni yake ndi yodula chingwe cha pamwamba chija kuti mtsempha upume, imachitika atangochititsa dzanzi dzanja lokha, ndipo ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Wodula nzimbe kapena mlimi akambirane za nthawi, chifukwa chikwanje ndi khasu ziyenera kudikira masabata angapo mpaka bala litalimba. Ngati wochita opaleshoniyo afuna sikani kapena kupima kwa magetsi, adzanena yekha.

Kwa mwini kiliniki wa ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula amene akuganiza zogula makina: matenda awa okha sangabweze ndalama yanu. Ngati mukugulira amayi oyembekezera ndi za m'mimba, onjezani mutu wowongoka, umene udzathandizanso pa zithupsa, chithokomiro, mabere ndi mitsempha ya magazi, ndipo muike ndalama pambali ya maphunziro a wojambula ndi chotetezera magetsi.

Ndipo ngati dzanzi labwera mwadzidzidzi, dzanja lonse kapena mbali yonse ya thupi yafooka, kamwa yapindika kapena mawu sakutuluka bwino, zonse zili pamwambazi sizikukukhudzani. Imeneyo ikhoza kukhala sitiroko, ndipo wodwalayo apite kuchipatala nthawi yomweyo.